Chenjezo Lomwe Sanatumize

Malemu anabadwa pa 14 Ogasiti 1965, Loweruka m'mawa, m'kachipinda ka kuseri kwa shopu ya bambo athu yokonzera mawailesi. Anali achitatu m'banja la ana anayi, ndipo mwana wamkazi anali iwo okha. Ine ndaima pamaso panu pano ndine mlongo wawo wamkulu, ndinawaposa ndi zaka zisanu ndi zitatu. Banja landituma kuti ndikuwerengereni mbiri yawo, inu anamfedwa nonse, abale, anansi ndi ogwira nawo ntchito. Ndipepeseretu kuti m'mbirimu muli malo ena amene sandikomera ine wowerengane. Ndinapempha kuti tiwadumphe, koma alamu anga, amuna awo a malemu, anakana, ndipo ndaona kuti anachita bwino kukana.

Anayamba sukulu ya pulayimale mu 1971, ndipo mu 1979 anasankhidwa kupita ku sekondale. Akaweruka sankapita kosewera ngati anzawo. Ankakhala pa kabenchi m'shopu muja, kusankha timawaya ndi tizitsulo n'kumatiika m'zitini. Nthawi imeneyo makasitomala ankakonda kubweza mawailesi, akudandaula kuti yangosiya kulankhula masanasana. Bambo ankaitsegula, kuipukuta, kuimenya pang'ono kumbali monga mwa chizolowezi chawo, osapeza vuto. Anali malemuwa, ali ndi zaka khumi ndi zinayi, amene anazindikira kuti mawailesi onse a m'shopu ogwira masiteshoni akutali amakhala chete nthawi imodzi, kenako n'kudzukanso okha nthawi imodzi. Anagula kope n'kuyamba kulemba tsiku ndi ola. Atawaonetsa aphunzitsi awo a sayansi, anawauza kuti wolakwa si bambo athu ayi, wolakwa ndi dzuwa.

Kuyambira pamenepo mtima wawo unapita kudzuwa ndipo sunabwerekonso. Kasitomala wina anasiya m'shopumo magalasi oonera patali othyoka mbali imodzi. Malemu anatenga mbali yabwinoyo n'kumaloza nayo kudzuwa kuti chithunzi chake chigwere pa katoni, iwo n'kumawerenga timadontho takuda ta pankhope ya dzuwalo. Tsiku lina katoni inasowa, anagwiritsa ntchito nsalu ya kasitomala wa amayi athu, amene anali telala. Nsaluyo inapsa chibowo chokwana chala. Amayi anawalanga, koma kope lija sanawalande.

Mu 1983 analowa ku yunivesite komwe anaphunzira fiziki, ndipo anamaliza mu 1987. M'kalasi mwawo akazi analipo awiri okha. Anaphunzitsa pa sekondale ina kwa zaka ziwiri, kenako mu 1989 analembedwa ntchito ku nthambi yoona zanyengo.

Pa 8 Seputembala 1990 anakwatiwa ndi alamu angawa, amene ntchito yawo ndi yosindikiza mabuku. Anakumana pamene malemu anapita kukasindikizitsa mapepala a timizeremizere ojambulapo zimene ankayeza, n'kuwabweza katatu konse chifukwa mizere ina inali itatalikirana ndi katsitsi kokha. Alamu amati ulendo wachitatuwo iwo eni analakwitsa dala kuti malemu abwerenso. Mulungu anawadalitsa ndi ana awiri: wamkazi mu 1992, amene pano ndi namwino kudziko lakutali kutsidya la nyanja, ndi wamwamuna mu 1998, amene ndi mphunzitsi kuno komwe.

Kuyambira mu 1994 mpaka 1996 anali kunja, kuphunzira za nyengo ya m'mlengalenga. Atabwerako, mu 1997, anali mmodzi mwa anthu anayi amene anatsegula siteshoni ija ya kumapeto kwa tawuni, ya zidishi ziwiri zoyera zoyang'ana kumwamba. Ambiri a ife tinkadutsa pamsewu paja n'kumaganiza kuti ndi za wailesi yakanema. Ndiloleni ndifotokoze ntchito yawo monga momwe anzawo andifotokozera dzana, chifukwa ndikuvomera ndi manyazi kuti pa zaka makumi awiri ndi zisanu ndi zitatu sindinawafunsepo eni ake.

Dzuwa nthawi zina limalavula chimtambo chachikulu cha mpweya wotentha wodzaza ndi mphamvu ya magetsi. Chimtambocho chikalunjika kuno, chimasokoneza mawailesi a ndege ndi zombo, chimasocheretsa makina olozera njira, ndipo chikhoza kuotcha mathiransifoma akuluakulu a magetsi. Kumwamba kuli masetilaiti amene ntchito yawo ndi kulondera dzuwa. Ina ili ndi kamera yomwe imaphimba nkhope ya dzuwa, monga timachitira ndi dzanja tikafuna kuona munthu wobwera chakum'mawa, ndipo imaona chimtambo chija chikamanyamuka. Kuchokera pamenepo chimayenda tsiku limodzi, awiri kapena atatu. Setilaiti ina imakhala panjira, makilomita miliyoni imodzi ndi theka kuchokera kuno. Imeneyo malemu ankaitchula kuti mlonda wa pachipata. Ndiyo imanena ngati chimtambocho chafikadi ndiponso ngati chili ndi ukali. Koma ikamalankhula imeneyo, nthawi yotsala imakhala ola limodzi kapena osakwana n'komwe. Zimene masetilaitiwo aona zinkafika pa makompyuta a pasiteshoni paja, ndipo ntchito ya malemu inali kuziwerenga n'kuchenjeza a magetsi, a ndege ndi a mawailesi. Akulu anati chakudza sichiimba ng'oma. Mlongo wangayu analembedwa ntchito yochiimbira ng'omayo.

Tsopano ndafika pa chaka cha 2002. Lachinayi pa 13 Juni, setilaiti yoyamba ija inaonetsa chimtambo chachikulu kuposa zonse zimene malemu anali ataonapo. A kampani ya magetsi anali atanena kale kuti ola limodzi siliwakwanira kukonzekera, amafuna tsiku lathunthu. Choncho malemu sanadikire mlonda wa pachipata. Lachisanu m'mawa analemba chenjezo lamphamvu, n'kusainira dzina lawo. Anaimbanso foni kwa abale tonse mmodzimmodzi. Kwa ine anati, "Achimwene, chikubwera. Mawa zulani zonse kumagetsi." Loweruka a magetsi anazimitsa madera ena kuyambira m'mawa mpaka madzulo pofuna kupeputsira makina awo katundu. Chimtambocho chinadutsa chambali. Chinangotikhudza ndi mchira, ndipo palibe ngakhale babu limodzi lomwe linaphethira.

Loweruka limenelo, pa 15 Juni, linali tsiku la ukwati wa mwana wanga woyamba. Holo inali m'dera limodzi mwa madera ozimitsidwawo. Zoimbira zinangoti zii, mafani anaima, zakumwa zinatentha, keke inayamba kupendama. Ine ndinali nditapsa mtima, koma kupsa mtima kwanga kumatulukira m'nthabwala, amene mumandidziwa mukudziwa. Nthawi yanga yolankhula itafika, ndinaimirira popanda maikolofoni n'kukweza mawu kuti, "Tithokoze mlendo wathu wolemekezeka amene watikonzera mdimawu, a Chikubwera, aimirire tiwaone!" Holo yonse inafa ndi phwete. Malemu anaimirira, anagwada pang'ono mwaulemu, n'kukhala pansi. Dzina lija linamera pomwepo.

Nyuzipepala zinajambula zithunzi zowaseka. Kuntchito anawachotsa pa desiki ya machenjezo n'kuwaika m'chipinda chosungira mafayilo akale, chopanda zenera, komwe anakhala zaka zitatu. Koma a nyuzipepala anaiwala patatha mwezi umodzi, ndipo akuntchito anawabwezera pa desiki yawo mu 2005. Amene sitinaiwale ndife abale awo. Ana anga anakula akuwaitana kuti azakhali a Chikubwera. Mitambo ikachita bii, timati funsani a Chikubwera. Wina akachedwa kufika pamwambo, timati ali m'njira ngati chimtambo cha azakhali. Iwo ankaseka nafe, ndipo ife tinkati ndiye kuti sizikuwapweteka. Lilime lilibe fupa, koma langali linathyola kanthu mwa mlongo wanga, ndipo ndazindikira mochedwa.

Atabwerera pa desiki paja anabwera ndi lamulo limene aliyense wophunzira ntchito pansi pawo amalidziwa pamtima. Analilemba pa kapepala n'kulimata pamwamba pa kompyuta: setilaiti imodzi si umboni. Yoyamba ikaona kanthu, ankalemba m'kope, kukonza chenjezo n'kuliika pambali, kuwauza a magetsi mofatsa kuti akhale tcheru, koma mawu amphamvu sankawatulutsa mpaka mlonda wa pachipata atavomereza. Anakhala nawo pansi a magetsiwo mpaka anapeza njira yokonzekera m'mphindi makumi atatu. Pantchito lamulo limeneli linali labwino. Mu Malichi 2015 chimtambo chenicheni chinafika, malemu anatumiza chenjezo pa nthawi yake, ndipo palibe thiransifoma imene inapsa. Tsiku limenelo ife tinaphika, tinasita, tinaonera mpira, osadziwa kanthu. Palibe anawayamika, chifukwa magetsi akapanda kuzima palibe amafunsa kuti wawasunga ndani. Mu 2017 anakwezedwa kukhala mkulu wa siteshoniyo, ndipo anaphunzitsa achinyamata oposa makumi awiri, ena mwa iwo ndi awo akhala kutsogoloku.

Kunyumba anali mayi wachete, wokonda maluwa a m'zitini pakhonde, wodana ndi wotchi yotsalira. Mu Juni 2024 mwana wawo wamkazi anabereka mwana wamkazi kutsidya kuja, mdzukulu wawo woyamba. Lamlungu lililonse masana ankakhala pakhonde ndi foni m'manja, kumuonera khandayo pagalasi. Anamulukira kajuzi kachikasu, n'kukana kukatumiza pa positi. Ankati akamuveka okha.

Matenda anayamba mu Seputembala 2024 ndi kutopa komanso kusafuna kudya. Pa 22 Okutobala anapita okha kuchipatala, osauza munthu. Atawajambula, adokotala anaona kachithunzithunzi pachiwindi. Anawauza kuti mwina si kanthu, mwinanso ndi khansa, ndipo pafunika kudula kanyama kuti akayeze. Malemu anabwerera kuntchito masana omwewo. Kwa iwo, imeneyo inali setilaiti yoyamba.

Tsiku lokayezetsa kachiwiri linali mu Novembala. Analisuntha okha kawiri, chifukwa miyezi imeneyo dzuwa linali litalusa, machenjezo anali kutuluka pafupipafupi, ndipo ankafuna kusiya achinyamata awo atakhwima asanapume pantchito mu Ogasiti chaka chino. Pakadafunda padajiwitsa galu. Alamu atawafunsa za kuonda, anati mwina ndi zilonda za m'mimba. Mwana wawo namwino uja anaimba foni kufunsa ngati abwere ndi khanda mu Disembala, poti tchuthi anali atapatsidwa kale, kapena adikire mwambo wotsanzikana nawo pantchito mu Ogasiti. Mayi ake anamuyankha kuti adikire Ogasiti, mwana akhale atalimba. Akanabwera, ndi maso ake a unamwino, sakanafuna setilaiti yachiwiri.

Pa 29 Disembala, Lamlungu, banja lonse tinadyera limodzi chamasana kunyumba kwanga. Malemu anakhala moyang'anizana nane. Ndinaona kuti siketi yawo aimanga ndi pini m'chiuno, ndipo wotchi yawo ikutsetsereka mpaka pachikhatho. Ndinaona ndithu, sindinganame pamaso pa bokosi ili. Chakudya chili mkati anaika supuni pansi n'kunena motsitsa mawu kuti, "Achimwene, pali kanthu kena ndaona, ndimati mwina ndikuuzeni." Ine, pakamwa panga pano, ndinayankha kuti, "Kodi chikubweranso? Ana inu, thamangani mukazule mafiriji!" Tebulo lonse linaseka. Iwonso anaseka, kenako anapempha kuti wina awapatsire mchere. Nkhaniyo inathera pomwepo.

Anakayezetsa kachiwiri pa 18 Febuluwale 2025, maso atayamba kale kuchita chikasu. Zotsatira zinatuluka Lachisanu pa 7 Malichi: inali khansa, ndipo inali itafalikira. Lamlungu pa 9 Malichi anaitana amuna awo, mwana wawo wamwamuna ndi ine m'chipinda chochezera. Anakhala mowongoka, mapepala ali pamwendo, n'kulankhula ngati ali pantchito. Anati, "Yachiwiri yatsimikiza. Chafika pachipata." Palibe munthu m'dziko muno amene ankadziwa kuposa iwo kuti chikafika pachipata nthawi imatsala yochepa bwanji. Kenako anatenga foni n'kumuimbira mwana wawo wamkazi, ndipo ife tinatuluka panja chifukwa kulira kwa mwanayo kunkamveka ngakhale foni ili kukhutu.

Namwinoyo anayamba tsiku lomwelo kuthamangira mapepala a ulendo a khanda, amene anatenga masiku awiri. Lachiwiri pa 11 Malichi malemu anagonekedwa m'chipatala. Sanadandaule za ululu. Chimene ankafunsa ndi nthawi yokha: ndege inyamuka liti, iima maola angati panjira, itera liti. Anapempha kuti wotchi yawo aimangirire pachitsulo cha bedi poti padzanja sinkakhalanso, ndipo kajuzi kachikasu kaja anakaika pansi pa pilo. Lachitatu madzulo anawauza alamu kuti awerengera maola, ndipo akuona ngati sizikwana, koma ayesetsa. Anatisiya Lachinayi pa 13 Malichi, mphindi makumi awiri itadutsa 8 koloko m'mawa, amuna awo atawagwira dzanja. Ndege inatera mphindi makumi anayi itadutsa 12 koloko masana. Anasemphana ndi maola anayi ndi mphindi makumi awiri. Anali ndi zaka makumi asanu ndi zisanu ndi zinayi.

Lachisanu anzawo akuntchito anabweretsa katundu wa mu ofesi mwawo. M'kabati ya desiki munali kope, lofanana ndi lija la m'shopu ya bambo, lolembedwa mwa dongosolo la pasiteshoni: tsiku, zooneka, zoyenera kuchita. Koma zolembedwamo sizinali za dzuwa. Mwana wawo wamkazi wandilola kuti ndiwerenge masamba awiri. Pa 23 Okutobala analemba chenjezo lokonzeka kutumizidwa, lotere: "Mwana wanga, dzulo adokotala aona kanthu pachiwindi. Mwina si kanthu. Koma ngati ungathe, bwera mu Disembala ndi kamwanako, ndidzakanyamule." Pansi pake, ndi inki ina, anawonjeza kuti: "Lisatumizidwe. Ndidikire yachiwiri. Ndikamuitanitsa mwana kuchokera kutali konseko, kenako osapezeka kanthu, abale adzandiseka mpaka liti?" Ndipo pa 29 Disembala pali mzere umodzi wokha: "Ndinayesa kuwauza achimwene. Nyengo sinali bwino."

Anamfedwa, khansa sindinaibweretse ndine, ndipo adokotala akuti mwina ngakhale mu Okutobala sakanaichiza. Zimenezo ndazimva. Koma Disembala uja analipo, tchuthi chinalipo, tikiti ikanagulidwa, ndipo mlongo wanga akananyamula mdzukulu wake. Chimene chinatseka pakamwa pawo ndi dzina limene ndinawapatsa ine chifukwa cha keke yopendama. Akulu amati wakutsina khutu ndi mnansi. Ifeyo mnansi wathu anatitsina khutu kamodzi, zinthu sizinachitike, ndipo tinamulipiritsa zaka makumi awiri ndi ziwiri. Madzi akatayika saoleka. Ndikupepesa kwa alamu anga, ndikupepesa kwa ana awiriwa, makamaka kwa iwe mwana wa mlongo wanga amene unatsika ndege n'kupeza ine pabwalo paja m'malo mwa mayi ako. Ndikupemphanso abale nonse, ana anga ndi adzukulu anga, kuti dzina lija lilowe m'manda lero limodzi ndi nthabwala zake. Aliyense amene adzalitchulenso adzakhala akutchula mlandu wanga.

Malemu asiya amuna awo, amene akhala nawo m'banja zaka makumi atatu ndi zinayi, ana awiri, wamkazi ndi wamwamuna, mkamwini mmodzi, alongo awo atatu, ine ndi ang'ono anga awiri, ndi mdzukulu mmodzi wa miyezi isanu ndi inayi.

M'malo mwa banja ndikuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira masiku awo omaliza. Ndikuthokoza anansi amene mwatisunga kuyambira Lachinayi, amene mwabwereka mipando, mwaphika, mwanyamula anthu pa magalimoto anu. Ndikuthokoza anzawo a kusindikiza a alamu anga amene akonza mapepala a mwambo uno, mizere yake yowongoka monga akanafunira eni ake. Ndikuthokoza mwapadera ogwira ntchito pasiteshoni. Mwaona kuti sanabwere onse: awiri atsala pa makompyuta, chifukwa malemu anawaphunzitsa kuti desiki ija siisiyidwa yokha ngakhale tsiku la maliro a mkulu wake. Andiuza kuti lero dzuwa lili phee.

Mlongo wanga, munalondera dzuwa kuti ife tigone ndi magetsi oyaka, ndipo ife sitinakulondereni. Mdzukulu wanu wafika. Ndi uyo ali pamwendo pa mayi ake, wavala kajuzi kachikasu kaja. Manja a kajuziko afupika pang'ono, chifukwa munalukira mwana wa mu Disembala.

Mzimu wanu uuse mumtendere, kumene kulibe wokusekani mukalankhula.